Ma agent anga agulitsa foni imodzi kwa ogula awiri, ndipo ma core 8 sakuthamanga

Wofufuza · Lachiwiri, 20:14

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Pa kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ndikumanga msika woyeserera wa pa intaneti. Mumsikamo mulibe munthu ndi mmodzi yemwe, muli timapulogalamu todziyimira patokha, ma agent. Ogula alipo 500, aliyense ndi ndalama zake komanso zomwe akufuna. Ogulitsa alipo 40, aliyense ndi katundu wake, ndipo amasintha mtengo akaona mmene anzake akugulitsira. Chomwe ndikufuna kudziwa ndi chakuti mitengo imakhazikika bwanji ogulitsa onse akakhala mapulogalamu.

Koma ndisanafike n'komwe pa funsolo ndakumana ndi mavuto awiri. Loyamba ndi liwiro. Pa core imodzi (core ndi kagawo ka purosesa ya kompyuta kogwira ntchito pakokha), masiku 30 a msika amanditengera mphindi 40. Ndinagawa ntchitoyo pa ma core 8 ndi chiyembekezo choti ndimaliza m'mphindi 5, koma zikutenga mphindi 14. Lachiwiri ndi lomwe landiwawa kwambiri. Pofuna kuti zithamange, ndinachotsa loko yomwe ndinayika pa buku la katundu, yomwe inkalola agent mmodzi yekha kulikhudza pa nthawi imodzi. Wogulitsa nambala 17 anali ndi foni imodzi yotsala, ndipo mu log, momwe pulogalamu imalemba zonse zochitika, ndapeza mizere iwiri yotsatizana: wogula 212 walipira, wogula 388 walipiranso, foni yomweyo. Buku la katundu likuonetsa 0 ngati palibe chalakwika. Ndinazindikira pokhapokha nditawerengera ndalama n'kuona kuti zaposa katundu yemwe watuluka. Ndithandizeni, ndikulakwitsa pati?

Wa ma server · Lachiwiri, 20:31

Achemwali, vuto lachiwirilo ndi lomwe timalitcha race condition, ndipo aliyense wogwira ntchito imeneyi anakumanapo nalo. Taonani mmene zinachitikira. Thread (kagawo ka pulogalamu koyenda pakokha nthawi imodzi ndi tinzake) ya wogula 212 yawerenga buku, yapeza 1. Isanalembe kanthu, thread ya wogula 388 yawerenganso, yapezanso 1. Yoyamba yachotsa imodzi n'kulemba 0. Yachiwiri nayonso yachotsa imodzi pa 1 yomwe inaona ija n'kulemba 0. Aliyense wachita masamu olondola, koma pa nambala yomwe inali itatha kale ntchito. Kuwerenga, kufufuza ndi kulemba ziyenera kukhala ngati chinthu chimodzi chosagawika. Loko ija munachotsa ndi yomwe imagwira ntchito imeneyo. Ibwezereni kaye usiku uno, za liwiro tikambirana.

Aphunzitsi opuma · Lachiwiri, 21:05

Mwana wanga, mavuto ako awiriwa ndi limodzi. Tenga pepala tiwerengere limodzi.

Mu 1967 Gene Amdahl, yemwe anali katswiri wopanga makompyuta ku IBM, ananena mfundo yomwe mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Pa ntchito iliyonse pamakhala gawo lomwe lingagawidwe ndi gawo lomwe liyenera kuchitika motsatizana. Ukawonjezera ma core, gawo loyamba lokha ndi lomwe limafupika. Tiyerekeze kuti pa mphindi zako 40, mphindi 10 ndi zomwe ma agent amakhala pamzere kudikira loko ya buku la katundu. Zotsala 30 ukazigawa pa ma core 8 zimakhala mphindi 3 ndi masekondi 45. Phatikiza ndi 10 zija, wapeza pafupifupi 14. Ndi nambala yako yomweyo. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale utabwereka kompyuta ya ma core 1,000, sudzatsika pansi pa mphindi 10. Gawo limodzi mwa magawo anayi likakhala losagawika, liwiro silingapose kanayi.

Ndiye unaona bwino kuti loko ndi yomwe ikuchedwetsa. Unalakwitsa mankhwala ake okha. Funso si loti loko ikhalepo kapena ayi, koma kuti ikutseka chiyani. Ndiuze, uli ndi loko imodzi ya msika wonse kapena wogulitsa aliyense ali ndi yake?

Wofufuza · Lachiwiri, 21:12

Ndi imodzi ya msika wonse, aphunzitsi. Katundu yense ali mu tebulo limodzi. Ndiye kuti wogula foni kwa nambala 17 amadikiritsa wogula nsapato kwa nambala 3, pomwe awiriwa sakulimbirana chilichonse. Ndaona tsopano.

Wogulitsa pa intaneti · Lachiwiri, 21:40

Ine za ma core sindizidziwa, ndimangogulitsa zovala pa intaneti, koma nkhani ya foni imodzi ogula awiriyi yandikhudza chifukwa inandichitikira ndi anthu enieni. Ndinali ndi diresi imodzi yotsala ya saizi ina yake. Ndinaiyika pa masamba awiri ogulitsirapo, ndipo pulogalamu yomwe imalumikiza awiriwo inkasintha chiwerengero pakapita mphindi zingapo. M'mphindi zimenezo maoda awiri analowa. Mayi mmodzi ankaifuna pa mwambo wa mwana wake womaliza sukulu. Ndinamuimbira ndekha kupepesa, ndalama ndinabweza tsiku lomwelo, koma sanadzagulenso kwa ine. Achemwali, mukamalemba kafukufuku wanu musaiwale kuti kuseri kwa mzere wa mu log kuli munthu yemwe wauza kale abale ake kuti chinthu chikubwera.

Mlendo pagulu · Lachiwiri, 22:02

Pepani ndikubwezeni pambuyo pang'ono, ndangoyamba kumene kuphunzira zimenezi. Agent amasiyana bwanji ndi pulogalamu wamba? Zonse si ma code omwe munthu walemba?

Aphunzitsi opuma · Lachitatu, 06:20

Funso labwino, ndipo usapepese. Inde zonse walemba ndi munthu. Kusiyana kwake kuli pa yemwe akusankha chochita. Pulogalamu wamba umaiyitana, imachita zomwe wanena, imabweza yankho. Agent amapatsidwa cholinga, amaona zomwe zikuchitika momuzungulira, n'kusankha yekha chochita, ndipo akhoza kukana pempho la mnzake. Akakhala ambiri, aliyense ndi cholinga chake, popanda mmodzi wolamulira onse, ndi pomwe timati multi-agent system. Msika ndi chitsanzo chachilengedwe chifukwa wogula akufuna kutsitsa, wogulitsa akufuna kukweza, ndipo palibe yemwe amadziwa zonse.

Mbiri yake ndi yayitali kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1980 Reid G. Smith anafalitsa njira yotchedwa Contract Net. Mmodzi amalengeza kuti pali ntchito yakutiyakuti, ena omwe angaikwanitse amatumiza ma bid awo, wolengeza uja amasankha mmodzi n'kumupatsa. Yemwe lero ndi wolengeza mawa akhoza kukhala wopempha ntchito. Malonda a pa intaneti atayamba kukula, mu 1995 a Andersen Consulting anatulutsa BargainFinder, kapulogalamu koyendayenda m'masitolo a pa intaneti kufananiza mitengo ya ma CD. Masitolo ena anakatsekera khomo, chifukwa sankafuna kupikisana pa mtengo wokha. Chaka chotsatira ku MIT Media Lab, Anthony Chavez ndi Pattie Maes anamanga Kasbah. Kumeneko munthu ankauza agent wake mtengo womwe akufuna, mtengo wotsikitsitsa womwe angalandire, tsiku lomwe katundu ayenera kukhala atagulidwa, ndi mmene azitsitsira mtengo masiku akamapita. Kenako ankamusiya kuti azikambirana ndi ma agent a ogula. Mu 1996 momwemo bungwe la FIPA linakhazikitsidwa kuti ma agent opangidwa ndi anthu osiyana azimvana chilankhulo, ndipo ophunzira ambiri a nthawi yanga yophunzitsa ankagwiritsa ntchito JADE, yolembedwa mu Java, yomwe imatsatira malamulo a FIPA.

Ndikufuna usunge chinthu chimodzi pa Kasbah: mwini wake ankaika malire. Tidzabwererako.

Wa ma server · Lachitatu, 07:48

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, apa ndisiyana nanu pang'ono. Ndagwira ntchito zaka zingapo pa makina olandira maoda ndipo sindinaonepo FIPA kapena JADE pamalo pomwe pakudutsa ndalama zenizeni. Zomwe timakhala nazo ndi ma service, ma queue ndi database. Ndimaona ngati mawu oti multi-agent anatsalira m'mayunivesite. Sindikunyoza kafukufuku wa achemwaliwa, koma ndikufuna adziwe zomwe akakumane nazo akapita kuntchito.

Aphunzitsi opuma · Lachitatu, 08:30

Pa JADE ndikugwirizana nanu achimwene, sinalowe m'makampani mmene tinkayembekezera. Koma dzina ndi lomwe linatsalira, chinthucho chinapita patsogolo. Mukatsegula tsamba la pa intaneti lomwe lili ndi malo otsatsa malonda, nthawi zambiri pamachitika okushoni tsambalo lisanamalize kutseguka. Mapulogalamu a makampani osiyanasiyana amalandira uthenga, aliyense amasankha ngati akufuna malowo ndi ndalama zomwe angapereke, zonse m'nthawi ya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kodi si Contract Net imeneyo itavala malaya ena? Mu 2012 Amazon inagula kampani ya Kiva Systems pa madola 775 miliyoni chifukwa cha maloboti omwe amanyamula mashelefu m'nyumba zosungira katundu kupita nawo kwa wolongedza. Maloboti mazanamazana pamalo amodzi, osagundana, kugawana ntchito ndi njira. Ofufuza za ma agent anakhala zaka akulimbana ndi funso limeneli. Ndipo ogulitsa ambiri pa misika ikuluikulu ya pa intaneti amagwiritsa ntchito mapulogalamu osintha mitengo okha. Palibe yemwe amawalamulira onse pamodzi. Msika wa mwana wathuyu ukutsanzira chinthu chomwe chilipo.

Wa ma server · Lachitatu, 09:02

Chabwino, pa zotsatsa malonda ndi zosintha mitengo ndavomera. Ndibwerere ku vuto la achemwali, chifukwa pali phunziro lomwe makampani analipeza movutikira.

Si chilichonse chomwe chimafuna loko yolimba. Mu 2007 akatswiri a ku Amazon anafotokoza makina awo otchedwa Dynamo, omwe ankasunga basiketi ya kasitomala. Anasankha kuti munthu akadina kuika chinthu m'basiketi, zisakanike ngakhale ma server ena atafa kapena netiweki itaduka pakati. Mtengo wa chisankhocho ndi wakuti basiketi imodzi imatha kukhala ndi makope awiri osiyana kwa kanthawi, ndipo powaphatikiza, chinthu chomwe munthu anachichotsa chimatha kubwereranso. Iwo anaona kuti zimenezo n'zopiririka, kasitomala achichotsanso, kusiyana ndi kumukaniza kugula. Izi zikugwirizana ndi zomwe Eric Brewer ananena mu 2000, zomwe Seth Gilbert ndi Nancy Lynch anatsimikiza ndi masamu mu 2002: netiweki ikaduka pakati pa ma server, uyenera kusankha pakati pa kuyankhabe ndi kuonetsetsa kuti onse akunena chimodzi. Zonse ziwiri nthawi imodzi sizitheka.

Ndiye gawani msika wanu motere. Kuyang'ana mitengo, kufufuza katundu, kuika m'basiketi, zonsezi zilekeni zithamange popanda loko, ngakhale wogula aone nambala yakale pang'ono. Koma pa mphindi yotenga chinthu chomaliza ndi kulipira, pamenepo pakhale mwini mmodzi wonena inde kapena ayi. Njira yomwe ndingakulangizeni ndi yoti wogulitsa aliyense asunge yekha buku lake. Ogula asakhudze bukulo, azingotumiza uthenga m'bokosi la wogulitsayo, ndipo iye aziwerenga mauthenga umodziumodzi. Carl Hewitt anafotokoza ganizo limeneli mu 1973, amalitcha actor model, ndipo chilankhulo cha Erlang chomwe anapanga ku Ericsson chimayenda mwa njira yofanana nayo. Ogulitsa 40 azigwira ntchito nthawi imodzi, koma mkati mwa aliyense zinthu zizichitika motsatizana. Wogula 212 alandira inde, 388 alandira pepani zatha.

China chaching'ono koma chofunika: uthenga uliwonse wogula ukhale ndi nambala yakeyake. Yankho likachedwa, wogula amatumizanso, ndipo wogulitsa akapanda kuzindikira kuti ndi oda yomweyo, amulipiritsa kawiri.

Wogulitsa pa intaneti · Lachitatu, 10:15

Chomalizachi n'choona. Makasitomala akaona kuti tsamba likuzungulira osayankha, amadina kachiwiri ndi kachitatu. Palibe yemwe amakhala phee kudikira.

Wa zachuma · Lachitatu, 13:27

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinaphunzira zachuma, osati makompyuta, ndipo chandikoka ndi funso lenileni la achemwali, la mmene mitengo imakhazikikira. Mukamaliza kukonza loko, nkhondo yaikulu ili kumeneko.

Poyamba pali chinthu chodabwitsa. Mu 1993 Dhananjay Gode ndi Shyam Sunder anayesa msika womwe ogula ndi ogulitsa anali mapulogalamu opanda nzeru iliyonse, ongotchula mitengo mwachisawawa. Lamulo linali limodzi: wogula asalipire kuposa phindu la chinthucho kwa iye, wogulitsa asagulitse motsika kuposa zomwe chinamudyera. Anapeza kuti msikawo unkagawa katundu bwino pafupifupi ngati msika wa anthu oganiza. Tanthauzo lake n'lakuti mbali yaikulu ya nzeru ili m'malamulo a msika, osati m'mitu ya ogulitsa. Ndikukulangizani kuti muyambe ndi ma agent otere ngati poyezera. Agent wanu wanzeru akapanda kuwaposa, ndiye kuti nzeru zakezo sizikuwonjezera kanthu.

Za malamulo a msika, onaninso William Vickrey, yemwe mu 1961 anafotokoza okushoni yomwe wopambana ndi wotchula mtengo wapamwamba koma amalipira mtengo wa wachiwiri. Ubwino wake ndi woti palibe chifukwa chonamizira, chanzeru ndi kutchula mtengo womwe chinthucho chili nawo kwa iwe. Vickrey analandira mphoto ya Nobel mu 1996. Njira ya eBay yomwe umauza makina mtengo wako wotsiriza iwo n'kumakwezera pang'onopang'ono m'malo mwako ndi mbale wake wa ganizo limeneli. Kwa wolemba ma agent izi ndi mpumulo, chifukwa agent safunika kulosera zomwe anzake akuganiza.

Koma pali mbali yoopsa. Mu April 2011 katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku Berkeley, Michael Eisen, anaona kuti buku lina lakale lonena za kakulidwe ka ntchentche likugulitsidwa pa Amazon pa mtengo wa mamiliyoni. Atatsatira masiku angapo anapeza kuti ogulitsa awiri anali ndi mapulogalamu oyang'anana. Wina ankaika mtengo wake pa 0.9983 ya mtengo wa mnzake, kuti akhale wotsikirapo pang'ono. Winayo ankaika pa 1.270589 ya mtengo wa woyamba uja. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza pafupifupi 1.27, ndiye kuti tsiku lililonse mtengo unkakwera ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi, n'kumawirikiza kawiri pa masiku atatu alionse. Unafika madola 23,698,655.93 munthu asanalowererepo. Pulogalamu iliyonse payokha inali ndi lamulo lomveka. Misala inabadwa pokumana pawo.

Mlendo pagulu · Lachitatu, 13:50

Koma n'chifukwa chiyani wina angafune dala kukhala wodula kuposa mnzake? Ndani angagule kwa iye?

Wa zachuma · Lachitatu, 14:04

Eisen anaganiza kuti wodulayo analibe bukulo m'manja. Ankadalira mbiri yake yabwino kwa makasitomala, ndipo wina akagula kwa iye, akanakaligula kwa wotchipa uja n'kutsala ndi kusiyana kwa mitengoyo. Linali ganizo lake, koma likumveka.

Wogulitsa pa intaneti · Lachitatu, 14:36

Kukwera kumaoneka msanga chifukwa aliyense amaseka. Choopsa kwa ife ang'onoang'ono ndi kutsika. Ndinayesapo pulogalamu yosintha mitengo yokha, ndinaiuza kuti izikhala yotsikirapo pang'ono kuposa wotchipa kwambiri. Sindinaike malire a pansi chifukwa sindinaganize kuti wina angagulitse motaya. Koma mnzanga wopikisana naye analinso ndi pulogalamu yonga yanga. Ndinagona mtengo uli bwino, podzuka ndinapeza maoda angapo pa mtengo wosafika n'komwe pa ndalama yomwe ndinagulira katunduyo. Ndinatumiza onse, chifukwa kasitomala sanalakwe. Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba kaye nambala ziwiri papepala, yapansi ndi yapamwamba, ndisanalole makina aliwonse kukhudza mtengo wanga.

Aphunzitsi opuma · Lachitatu, 16:10

Mayi, mwafika pomwe ndinati tidzabwererako. Kasbah mu 1996 inkafunsa kale mtengo wotsikitsitsa munthu asanamasule agent wake. Gode ndi Sunder nawonso, ma agent awo opanda nzeru ankayenda bwino chifukwa cha malire aja. Atawachotsera malirewo, msika sunayendenso bwino. Jeffrey Kephart ndi Amy Greenwald ku IBM analembanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 za nkhondo za mitengo pakati pa mapulogalamu otere: amatsitsirana mpaka pansi, wina n'kulumphira m'mwamba, n'kuyambiranso. Mwana wanga, ukaona mzere wa mitengo yako ukukwera ndi kutsika ngati mano a sowo, usafulumire kunena kuti code yalakwika. Mwina ndi khalidwe lenileni la msikawo.

Ndipo liwiro limakulitsa cholakwa chilichonse. Pa 1 August 2012 kampani ya Knight Capital ku America inataya madola oposa 400 miliyoni m'mphindi pafupifupi 45, chifukwa pulogalamu yatsopano inaikidwa pa ma server asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu, ndipo yotsalayo inadzutsa code yakale n'kuyamba kutumiza maoda osaleka. Kuthamanga si kufika. Aliyense womanga makina otere aziyamba ndi kufunsa kuti batani lozimitsira lili pati ndipo ndani ali ndi mphamvu yolidina.

Wa zachuma · Lachitatu, 17:22

Ndiwonjezere chimodzi chomwe chingapangitse kafukufuku wanu kukhala wa phindu kwa anthu ena kupatula okuyesani mayeso. Nkhawa ya masiku ano si nkhondo ya mitengo yokha, komanso mtendere wokayikitsa. Mu 2020 Emilio Calvano ndi anzake atatu anafalitsa zotsatira mu American Economic Review. Anaika ma agent ophunzira okha mwa njira ya Q-learning (kuyesayesa n'kumakumbukira zomwe zabweretsa phindu) mumsika woyeserera, osawalola kulankhulana, osawauza kuti agwirizane. Patapita nthawi ma agent aja anaphunzira kusunga mitengo pamwamba. Wina akatsitsa, anzake ankatsitsanso kwa kanthawi ngati chilango, kenako onse n'kubwerera m'mwamba. Anthu akapangana mitengo ndi mlandu m'mayiko ambiri, ndipo ku America mu 2015 wogulitsa ma poster pa intaneti anavomera mlandu wopangana ndi anzake kugwiritsa ntchito mapulogalamu kuti mitengo ifanane. Pamenepo panali pangano la anthu. Nanga ngati palibe yemwe anapangana ndi mnzake, mapulogalamu angozolowerana okha, wolakwa ndani? Wolipira ndi wogula. Ofufuza akutsutsanabe ngati zimenezi zingachitike mofanana pa misika yeniyeni, yomwe ili ndi ogulitsa ambiri ndipo zinthu zimasintha msanga. Inu muli ndi ogulitsa 40. Mukhoza kuyesa ngati kuzolowerana kumeneku kumapulumuka pagulu lalikulu chotero.

Wofufuza · Lachinayi, 23:18

Pepani ndinasowa, ndinali ndikulembanso code masiku awiri onsewa. Ndachita monga achimwene a ma server ananenera. Wogulitsa aliyense tsopano ali ndi buku lake ndi bokosi lake la mauthenga, ndipo oda iliyonse ili ndi nambala yake. Ndayendetsa maulendo 20, ndalama ndi katundu zikugwirizana paliponse. Nthawi yatsika kufika pa mphindi 7. Ndaikanso malire a pansi ndi a pamwamba pa wogulitsa aliyense, mayi, ndipo ndalemba kuti msika uziima wokha mtengo uliwonse ukawirikiza kawiri pa tsiku limodzi.

Koma kwatuluka china. Ndikayendetsa kawiri ndi seed yomweyo (nambala yoyambira yomwe manambala a mwachisawawa amachokerako), zotsatira zikusiyana. Ulendo wina foni yomaliza yapita kwa 212, ulendo wina kwa 388, ndipo pofika tsiku la 30 mitengo yasiyana kwambiri. Pa core imodzi izi sizinkachitika. Kafukufuku yemwe sindingathe kumubwereza ndingamuteteze bwanji pamaso pa ondiyesa?

Wa ma server · Lachisanu, 06:55

Seed imalamulira manambala a mwachisawawa okha, siilamulira kuti thread iti ifika poyamba. Zimenezo amasankha ndi operating system, ndipo zimasintha ulendo uliwonse. Leslie Lamport analemba za vuto limeneli mu 1978: zinthu zikamachitika m'malo osiyana nthawi imodzi, palibe wotchi imodzi yonena kuti ichi chinayamba, pokhapokha inu mutakhazikitsa dongosolo lanu. Chitani motere. Gawani tsiku la msika m'zigawo. M'chigawo chilichonse ogula onse asankhe ndi kutumiza mauthenga nthawi imodzi. Kenako onse adikirane. Wogulitsa aliyense asanje mauthenga ake mwa dongosolo lochokera ku seed, osati mwa kufika kwawo, n'kuyankha. Agent aliyense akhalenso ndi gwero lakelake la manambala a mwachisawawa, asamagawane limodzi. Musasanje ndi nambala ya wogula, chifukwa 212 azipambana 388 nthawi zonse ndipo mulowetsa tsankho mu zotsatira.

Dziwiranitu kuti kudikirana kumeneko kukubwezerani gawo lina losagawika. Mphindi 7 zija zikwera.

Aphunzitsi opuma · Lachisanu, 07:40

Zikwere, usadandaule nazo. Ndipo pali njira ina yogwiritsira ntchito ma core ako yomwe sunaiganizire. Mu 1988 John Gustafson ku Sandia National Laboratories anayankha Amdahl ponena kuti munthu akapeza makina aakulu sachita ntchito yomweyo mofulumira chabe, amakulitsa ntchitoyo. Iwe sukufuna msika umodzi wothamanga. Ukufuna misika yambiri ya ma seed osiyanasiyana kuti unene zotsatira molimba mtima. Misika 8 yosiyana, uliwonse pa core yake, siidikirana pa chilichonse, ndipo uliwonse ukhoza kubwerezedwa ndendende. M'mphindi 40 upeza misika 8, zomwe ndi mphindi 5 pa msika umodzi, nambala yomwe unkaifuna Lachiwiri ija. Koma yang'anira memory, ikachepa adzayamba kupanikizana.

Code yogawa msika umodzi usaitaye. Udzaifuna ukadzafika pa ogula 50,000.

Wofufuza · Loweruka, 10:26

Ndayesa zonse ziwiri. Ya zigawo ndi kudikirana ikutenga mphindi 9, ndipo seed yomweyo ikubereka log yofanana mzere ndi mzere, ndafananiza katatu. Ya misika 8 nthawi imodzi yatenga mphindi 43, memory inakwanira. Usiku wathawu ndinasiya kompyuta ikuyenda ndipo m'mawa uno ndapeza misika 96 yatha, yonse ya ma agent opanda nzeru aja monga poyezera.

Lolemba ndiyamba kuika Q-learning, poyamba pa ogulitsa awiri okha kuti ndione ngati ndingapeze zofanana ndi za Calvano, kenako 5, 10, mpaka 40. Achimwene a zachuma, ndidzafuna thandizo lanu pa kawerengedwe ka mtengo wa mpikisano weniweni ndi wa wogulitsa mmodzi yekha, kuti ndidziwe pomwe ma agent anga agwera pakati pa ziwirizi. Mayi ogulitsa pa intaneti, ngati mungalole, ndikufunseni kuti pulogalamu yanu ija inkasintha mtengo kangati pa tsiku, chifukwa panopa anga akusintha kamodzi kokha ndipo ndikuona kuti n'zochedwa kuyerekeza ndi zomwe munafotokoza.

Wogulitsa pa intaneti · Loweruka, 11:03

Inkasintha mphindi 15 zilizonse, usana ndi usiku. Muyesenso kuika wogulitsa mmodzi yemwe amasintha ndi manja kamodzi pa tsiku pakati pa makina 39 aja, muone ngati atsala ndi makasitomala. Ndikufunitsitsa kudziwa yankho lake.